Kodi lole yakale yankhondo ingadzukenso n'kumanyamula mbatata ndi fodya?

Nyengo yokolola ikafika, alimi a ku Chidzolomondo m'boma la Macanga ndi anzawo a ku Tsangano amalira chinthu chimodzi: mbewu zilipo, koma galimoto yofika kumunda palibe. Mbatata ya kachewere ikakumbidwa sidikira munthu. Fodya ali ndi tsiku lake lokafika kumsika. Misewu yolowa m'midzi ndi yokwera mapiri, yamiyala, ndipo mvula ikagwa imasanduka phala. Malole ambiri a masiku ano ndi otsika pansi, choncho amathera pamsewu waukulu, mlimi n'kumalipira ngolo kapena njinga zamoto kuti katundu akafike pomwe lole yaima.

N'chifukwa chake anthu ena akaona lole yakale ya asilikali, kamyao yaitali miyendo itagona kuseri kwa garaja kapena pabwalo la munthu, amafunsa kuti: kodi imeneyi singadzuke? Yankho ndi lakuti ina ingadzuke, ina ayi. Chimene chimasiyanitsa si kulira kwa injini, koma zinthu zitatu: ngati loleyo ili ndi mwini wake ndi mapepala, ngati mafupa ake akadali olimba, ndiponso ngati masipeya ake mungawapeze lero n'kudzawapezanso chaka chamawa. Amene amayamba ndi kugula batire ndi penti asanayankhe mafunso amenewa amathira ndalama za fodya m'dzenje.

Malole amenewa anabwera ndi nkhondo ziwiri

Malole akale a asilikali amene amapezeka m'dziko lathu ndi a mibadwo iwiri, ndipo kudziwa mbadwo wake ndi chiyambi cha ntchito yonse.

Mbadwo woyamba ndi wa Apwitikizi. Frelimo itakuza nkhondo yomenyera ufulu m'chigawo cha Tete mu March 1968, asilikali a atsamunda ankayenda m'mizere ya magalimoto pakati pa misasa yawo, m'malo monga Furancungo ndi Vila Coutinho, yomwe lero ndi Ulongué. Lole yawo yaikulu inali Berliet, ya ku France, imene kuyambira 1964 ankailumikiza ku Portugal m'tauni ya Tramagal, pa fakitale ya Metalúrgica Duarte Ferreira. N'chifukwa chake imatchedwa Berliet-Tramagal. Yaing'ono inali Unimog, yopangidwa ndi Mercedes-Benz ku Gaggenau m'dziko la Germany. Unimog 404, imene inapangidwa kuyambira 1955 mpaka 1980, imayendera petulo, ndipo injini yake ndi ya malita 2.2. Unimog 411 ndi yocheperapo ndipo imayendera dizilo.

Mbadwo wachiwiri unabwera dziko litalandira ufulu pa 25 June 1975, pamene boma linkagwirizana ndi Soviet Union ndi East Germany. Kuchokera ku Soviet Union kunabwera ZIL-131, Ural, GAZ-66 ndi KAMAZ. Kuchokera ku East Germany kunabwera IFA W50, imene inagwira ntchito kwa asilikali komanso m'makampani a boma. IFA W50 inkapangidwa ku Ludwigsfelde kuyambira 1965 mpaka 1990, ndipo anapanga malole oposa 570,000, ambiri n'kuwagulitsa kumayiko ena. Injini yake ndi ya dizilo, ya mapisitoni anayi, ya malita pafupifupi 6.6, yopangidwa ku Nordhausen. Malole amenewa ndi amene anadutsa m'nkhondo ya zaka 16 imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 October 1992.

Tsidya la Malawi, komwe atsamunda anali Angerezi, lole yodziwika ya nthawi imeneyo inali Bedford, ndipo ina inawoloka malire n'kutsala kuno. Kusiyana kwake kumaonekera ngakhale pa sipanala. Mabawuti a IFA, Unimog, Berliet ndi ZIL amayezedwa m'mamilimita, pamene a Bedford yakale amayezedwa m'mainchi. Makaniko amene sadziwa zimenezi amadya mitu ya mabawuti tsiku loyamba lomwe.

Musanakhudze chitsulo

Pali zigoba za magalimoto zimene zinatsala m'tchire momwe zinaphulitsidwira. Zimenezi musayandikire ndi nyundo, macheka kapena moto wowotcherera. Boma linalengeza pa 17 September 2015 kuti lachotsa mabomba okwirira m'malo onse amene ankadziwika, koma zipolopolo ndi mabomba osaphulika amavumbulukabe pena ndi pena. Galimoto imene inkanyamula asilikali itha kukhala ndi zoterezi pansi pa mpando, m'bokosi la zida, kapena m'dothi limene lakwirira matayala. Mukaona chinthu chimene simukuchidziwa, chisiyeni pomwepo, chenjezani ana, ndipo uzani mfumu ndi apolisi a PRM.

Chachiwiri, galimoto ya asilikali ndi katundu wa boma mpaka boma litaichotsa m'kaundula wake n'kuigulitsa mwalamulo, kawirikawiri pa malonda a poyera amene pa Chipwitikizi amati hasta pública. Kugona m'tchire zaka 30 sikuisandutsa ya amene waipeza. Zina mwa zigobazi ndi mboni za mbiri ya dziko, ndipo lamulo la nambala 10/88 loteteza chuma cha chikhalidwe chathu likhoza kuzikhudza. Kudula chigoba chotere n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha kungakugwetseni m'mlandu.

Lole yoyenera kuiganizira ndi imene ili m'manja mwa munthu, kampani, mishoni kapena bungwe, ndipo wogulitsayo angathe kuonetsa livrete ndi título de propriedade, kapena chikalata chosonyeza kuti anaigula kuboma. Yerekezani nambala ya chasisi yolembedwa papepala ndi yodindidwa pachitsulo. Ikasiyana ngakhale chilembo chimodzi, kapena mukaona kuti pamalo a nambalayo panapalidwa, bwererani ndi ndalama zanu. Musanalipire, pitani ku ofesi ya INATRO ku Tete mukafunse ngati galimotoyo ingalembetsedwe m'dzina lanu. Muwauzenso mbali imene kuli chiwongolero, chifukwa ambiri mwa malolewa ali nacho kumanzere pomwe ife timayenda kumanzere kwa msewu. Safunsa anadya phula.

Dzina lenileni la lole lili pa kachitsulo

Kungoti "ndili ndi IFA" kapena "ndili ndi Unimog" sikukwanira kwa wogulitsa masipeya. IFA W50 inali ya mitundu yambiri. Yolembedwa W50 L imakoka ndi magudumu akumbuyo okha, pamene W50 LA imakoka ndi onse anayi, ndipo ekiselo yake yakutsogolo ndi ina. Unimog 404 ndi Unimog 411 zimafanana dzina chabe. Ural-375 imamwa petulo, Ural-4320 imamwa dizilo, ngakhale kuti pamaso zimaoneka ngati ana a mimba imodzi.

Fufuzani kachitsulo kodindidwa manambala. Kamapezeka m'kabini, pafupi ndi chitseko, kapena pansi pa boneti. Nambala ina imakhala pa chasisi penipeni, ina pa injini, inanso pa giyabokosi ndi pa pampu ya dizilo. Pukutani ndi nsanza yonyowa ndi dizilo, osapala ndi chitsulo, kenako jambulani ndi foni n'kulembanso m'kope. Malole a ku Soviet Union amalembedwa m'zilembo za Chirasha, choncho chithunzi chimaposa kukopera pamanja. Kumbukiraninso kuti pa zaka 40 kapena 50 lole yadutsa m'manja ambiri. Injini imene ilimo lero mwina si imene inabwera nayo.

Yambani pansi, osati pa injini

Injini itha kukonzedwa, ithanso kusinthidwa. Chasisi yowola ilibe mankhwala. Lowani pansi pa lole ndi nyundo yaing'ono ndi tochi, mugogode zitsulo ziwiri zazitali kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chamoyo chimalira mokweza. Chodyedwa ndi dzimbiri chimalira mogontha ndipo chimayoyoka ngati makungwa. Yang'anitsitsani pamene masipuling'i amagwira, pamene bokosi la chiwongolero limamangidwa, ndi pomwe matope amakhazikika. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: penti watsopano pa chasisi yakale nthawi zambiri amabisa kanthu.

Onaninso ngati chasisi ili yowongoka. Apwitikizi ankaika Berliet patsogolo pa mzere, itadzazidwa matumba a mchenga, kuti ikhale yoyamba kuponda bomba. Malole ambiri a nkhondo zonse ziwiri anaphulitsidwa n'kukonzedwa mwachangu. Imikani lole pamalo athyathyathya, muyeze ndi chingwe kuchokera pangodya yakutsogolo kumanja mpaka yakumbuyo kumanzere, kenako mbali inayo. Miyezo iwiriyo iyenera kufanana. Chasisi yopindika imadya matayala ndipo imakokera galimoto kumbali moyo wake wonse.

Mukatero tsegulani pobowola pothirira oyilo pa giyabokosi, pa bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, ndi pa madifu. Oyilo wakuda si vuto. Oyilo wooneka ngati mkaka ndiye kuti mwalowa madzi. Tizidutswa ta zitsulo ndiye kuti mano a magiya akuthyoka. Pa Unimog onaninso timabokosi ta magiya tokhala pa gudumu lililonse. Timeneti ndi timene timakweza mimba ya galimoto kuti isagunde miyala, ndipo tikauma oyilo timaphwanyika, mtengo wake n'kukhala waukulu.

Kudzutsa injini imene yagona zaka

Osaikoka ndi thirakitala kuti ilire. Mapisitoni akagwirana ndi dzimbiri, kukokako kumapinda ndodo zake, ndipo injini imene ikanachira imafa tsiku lomwelo. Chotsani mainjekita pa injini ya dizilo, kapena mapulagi pa ya petulo, muthire dizilo wosakaniza ndi oyilo pang'ono pa bowo lililonse, n'kusiya masiku angapo. Kenako yesani kuzungulitsa injini ndi dzanja, ndi sipanala yaitali, uku ndi uku pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikazungulira kawiri popanda kugwira, pitirizani. Onetsetsani kuti madzimadzi munathira aja atuluka musanabwezere mainjekita.

Khuthulani thanki ndi kuitsuka, chifukwa mafuta ogona amasiya matope ndi madzi. Sinthani oyilo ndi masefa onse. Tsukani redieta ndipo musinthe mapaipi ake a mphira. Mawaya akale amene makoswe anadya ndi amene amayambitsa moto, choncho osalumikiza batire musanawaone. Dziwaninso mphamvu ya magetsi a lole yanu. Unimog 404 imagwiritsa mavoti 24. ZIL-131 imagwiritsa 12. IFA W50 ili ndi mabatire awiri, ndipo nyali zake zimayendera 12 pomwe sitata imayendera 24. Kulumikiza molakwa kumawotcha zinthu zimene kuzipezanso n'kovuta.

Pampu ya dizilo ndi mainjekita musamasule pansi pa mtengo. M'kati mwake muli tizitsulo tosalala kwambiri, ndipo kamchenga kamodzi kamatiwononga. Pitani nazo kwa akatswiri amene ali ndi makina oyezera, mumzinda wa Tete kapena kwina. Pali ngozi inanso: kachitsulo koyeza mafuta m'pampu kakagwira dzimbiri, injini itha kulira n'kumakwera liwiro osamvera makiyi, mpaka kuphulika. Pa tsiku loyamba kuiliza, munthu mmodzi aime pafupi ndi thabwa lolimba lotsekera polowera mpweya. Dizilo ikasowa mpweya imazima. Asatseke ndi dzanja kapena nsanza.

Mabuleki ndiwo moyo

Lole imene yalira si lole imene yakonzeka. Aliyense amene anatsikapo mapiri a ku Tsangano kapena a ku Macanga pamwamba pa matumba akudziwa chimene chimachitika mabuleki akakana. Pa ntchito yonseyi, apa ndi pomwe simuyenera kusunga ndalama.

Mphira zonse za mabuleki zisinthidwe, ngakhale zikuoneka bwino. Mapaipi achitsulo odyedwa ndi dzimbiri asinthidwe ndi mapaipi enieni a mabuleki, osati a madzi kapena a pulasitiki. Malole monga IFA ndi ZIL amadalira mpweya pomanga mabuleki, ndipo mathanki a mpweyawo amawola kuyambira m'kati chifukwa cha madzi amene amasonkhana pansi pake. Tsegulani kampopi kake. Mukatuluka madzi ofiira ambiri, thankiyo ichotsedwe n'kuyezedwa, ndipo yobowoka isawotchereredwe. Fumbi la m'mabuleki akale musaliuzire ndi mpweya kapena pakamwa, chifukwa zikopa za mabuleki za nthawi imeneyo zinkapangidwa ndi asibesitosi, amene amawononga mapapo. Nyowetsani ndi madzi n'kupukuta.

Zitsulo za chiwongolero zikasweka kapena kupindika, zisinthidwe. Kuziwotcherera ndi kuziwongola pamoto kumazifooketsa m'njira imene maso saona.

Matayala nawo amakalamba ngakhale asakuyenda. Pambali pa tayala, kumapeto kwa zilembo zoyamba ndi DOT, pamakhala manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala la manambala atatu okha linapangidwa chisanafike chaka cha 2000 ndipo siliyenera kunyamula anthu kapena katundu. Malimu ambiri a malolewa ali ndi mkombero wachitsulo wochoka. Mkombero umenewu ukapanda kukhala bwino, umafwamphuka popopa ndi mphamvu yotha kupha munthu. Popani tayala lili m'khola lachitsulo kapena litamangidwa ndi tcheni, ndipo pasaime munthu kutsogolo kwake.

Masipeya amachokera kuti

Masipeya a lole yakale amachokera m'njira zinayi, ndipo wanzeru amayamba ndi yapafupi.

Njira yoyamba ndi zinthu zimene sizili za lole imodzi yokha. Mabering'i ambiri ali ndi nambala zofanana padziko lonse, monga 6205 kapena 30210, zodindidwa m'mphepete mwake. Mukapita kusitolo n'kunena kuti mukufuna bering'i ya IFA, adzakuuzani kuti palibe. Mukatchula nambala, mwina adzaitenga pashelefu. Mphira zoletsa oyilo kudontha zimagulidwa ndi miyezo itatu ya mamilimita: m'kati, kunja ndi kunenepa kwake. Chimodzimodzi malamba a injini, mapaipi, mabawuti, mababu ndi mabatire. Nthawi zonse nyamulani chakalecho popita kukagula. Zinthu zoterezi zimapezeka mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, komwe migodi ya malasha inabweretsa masitolo a zipangizo za magalimoto akuluakulu, komanso tsidya lina ku Biwi mumzinda wa Lilongwe ndi ku Ndirande mumzinda wa Blantyre. Mukagula ku Malawi, tengani lisiti ndipo mudutse nazo pachipata, ku Calómuè, ku Biri-Biri kapena ku Zóbuè, n'kuonetsa kwa a Alfândega. Sipeya yodutsa njira yachidule ikalandidwa mwataya kawiri.

Njira yachiwiri ndi lole inzake yakufa. Amene amayendetsa malole akale amadziwa kuti lole imodzi yoyenda imafuna ina yogona pambali yoipatsa ziwalo: ekiselo, giyabokosi, masipuling'i, malimu, magalasi, zitseko. Musanagule lole yoti mukonze, fufuzani ngati pali ina ya mtundu womwewo imene mungafikire. Nayonso igulidwe mwalamulo, ndi chikalata.

Njira yachitatu ndi kupangitsa. Mmisiri wa makina osemera zitsulo, amene kuno timati torneiro, angathe kusema mapini a masipuling'i ndi mabushi. Zikopa za mabuleki ndi za kilatchi zimakhomedwa zatsopano pa chitsulo chakale. Redieta imaikidwa mtima watsopano. Magasiketi ena amadulidwa pa pepala lake. Thupi la kumbuyo limapangidwa ndi amisiri a matabwa ndi owotcherera a kwathu konkuno.

Njira yachinayi ndi kuitanitsa kunja, ndipo apa mpamene mitundu ya malole imasiyana kwambiri. Unimog ikupangidwabe mpaka lero, ndipo ku Germany ndi ku South Africa kuli amalonda amene amasunga masipeya a mitundu yakale. A IFA W50 amapezekabe ku Germany, komanso ku Vietnam komwe malole ambiri a mtunduwu anagulitsidwa. Ural ndi KAMAZ zikupangidwabe ku Russia, koma kutumiza ndalama ndi katundu kunavuta kuyambira 2022 chifukwa cha zilango za nkhondo ya ku Ukraine, ndipo fakitale ya ZIL ku Moscow inasiya kupanga malole. Berliet ndiye yovuta koposa. Kampaniyo inaphatikizidwa ndi Saviem mu 1978 n'kukhala gawo la Renault, ndipo masipeya a injini yake ya mapisitoni asanu amasakidwa kwa osunga magalimoto akale ku France ndi ku Portugal.

Poitanitsa kunja, tumizani chithunzi cha kachitsulo ka manambala, chithunzi cha sipeya yakale ili pafupi ndi tepi yoyezera, ndipo mupemphe chithunzi cha imene akufuna kukutumizirani. Funsani despachante za msonkho musanalipire, chifukwa mtengo wa sipeya ndi gawo chabe: pali wonyamulira, msonkho ndi masabata odikira. Samalani ndi anthu a pa Facebook ndi WhatsApp amene amafuna ndalama yonse patsogolo pomwe alibe sitolo yodziwika.

Pali chuma china chimene sichigulidwa m'sitolo: anthu. Potsatira pangano la 1979, Amozambiki masauzande ambiri anapita kukagwira ntchito ku East Germany, ndipo ena mwa iwo anali m'fakitale ya Ludwigsfelde momwe IFA inkapangidwa. Ambiri anabwerera mu 1990, ndipo ndi amene timawatcha Madgermanes. Palinso madalaivala ndi amakaniko akale a usilikali amene anapuma. Akuluakulu amenewa amadziwa ndi khutu chimene wachinyamata angasake mwezi wathunthu. Afunseni adakali moyo, ndipo mnyamata amene adzasamale loleyo azikhala pambali pawo.

Kuika injini ina

Lole ya petulo imadya mwini wake. ZIL-131 itha kumwa malita 40 kapena kuposerapo pa makilomita 100 a msewu woipa, ndipo Ural-375 imaposa pamenepo. Asilikali sankawerengera mafuta ngati mlimi. N'chifukwa chake ambiri amachotsa injini ya petulo n'kuika ya dizilo imene masipeya ake ali ponseponse, monga Mercedes-Benz OM352 ya mapisitoni asanu ndi imodzi, kapena ya Perkins.

Ntchito imeneyi si yongonyamula n'kuika. Injini yatsopano iyenera kulumikizana bwino ndi kilatchi ndi giyabokosi, ikhale ndi miyendo yolimba pa chasisi, redieta yokwanira, ndi pampu yopopa mpweya wa mabuleki. Kulemera kwake kusapose mphamvu ya ekiselo yakutsogolo. Injini ya dizilo imazungulira pang'onopang'ono kuposa ya petulo, choncho liwiro la lole limatsika. Kusinthaku kukalembetsedwe ku INATRO kuti livrete igwirizane ndi galimoto. Ndipo amene akufuna kusunga lole monga chikumbutso cha mbiri, osati yonyamulira katundu, asataye injini yoyambayo.

Pomaliza penti. Sankhani mtundu wa anthu wamba, ndipo zizindikiro ndi manambala a usilikali zichotsedwe. Lole yobiriwira ngati ya asilikali imaimitsidwa pa chipata chilichonse, ndipo imadzutsa mantha kwa anthu amene anaona nkhondo ndi maso awo. Isanayambe kunyamula katundu pamsewu, ipite kukayezedwa ku inspecção ndipo ikhale ndi seguro.

Werengani matumba musanawerenge ndalama

Funso lomaliza ndi la masamu. Unimog 404 imanyamula pafupifupi tani imodzi ndi theka, omwe ndi matumba 30 a makilogalamu 50. ZIL-131 pa msewu woipa imanyamula matani atatu ndi theka, matumba 70. Berliet yaikulu imanyamula matani anayi, matumba 80. IFA W50 ya pamsewu imanyamula matani asanu, matumba 100, ndipo yokoka ndi magudumu onse imanyamula ocheperapo. Kupitirira miyezo imeneyi pa chitsulo cha zaka 40 ndi kuitana maliro.

Tengani kope. Lembani mtengo wogulira, wa matayala onse, mabatire, mabuleki, pampu ya dizilo, makaniko, mapepala ndi seguro. Onjezani ndalama ya zinthu zimene zidzatulukire mukatsegula, chifukwa sizilephera. Kenako werengani maulendo amene loleyo ingayende pachaka, mafuta a ulendo uliwonse, ndi ndalama imene anthu a kwanu amalipiradi pa thumba limodzi. Yerekezani ndi mtengo wa thirakitala ndi ngolo yake, kapena lole yogwiritsidwapo ntchito ya ku Japan. Malole a asilikali ndi oyenda pang'onopang'ono, ndipo pamsewu wa tala wochokera ku Ulongué kupita ku Tete lole wamba idzawaposa pa liwiro ndi pa mafuta. Phindu lawo lili pa makilomita ochepa ovuta aja, kuchokera kumunda kukafika pamsewu waukulu, pomwe ena safika.

Ntchito yotereyi imalemera pa munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Kalabu ya alimi a fodya kapena bungwe la alimi a mbatata lingathe kuisenza, malinga ngati lalemba poyambirira kuti lole ili m'dzina la yani, dalaivala ndi ndani, ndipo pa ulendo uliwonse ndi ndalama zingati zimene zizisungidwa za masipeya. Bungwe limene limagawana ndalama yonse ya maulendo limadzaimika lole tsiku limene tayala loyamba laphulika.

Nthawi yabwino yoyamba ndi mukangogulitsa mbewu, kuti miyezi ya chilimwe ikhale yofufuza mapepala, kuyeza chasisi ndi kusaka masipeya. Mapepala akasowa, chasisi ikapezeka yowola, kapena mtundu wa loleyo ukakhala wopanda inzake m'chigawo chonse, isiyeni. Ndalamayo igule feteleza.